Mikono ya Boneti

Ku Winnipeg mwezi wa Januwale
mpweya wa m'kamwa umaumira pa ndevu,
ndipo Buick ya bambo anga, ya chaka cha '94,
yayamba kuluma mwiniwake.
Lachiwiri boneti inawagwera pankhongo
akuthira madzi otsukira galasi.
Sanandiuze. Ndinangoona chotupa
atavula chipewa patebulo.

Zaka zinayi boneti yakhala ikutsamira
ndodo ya hoke ya mchimwene wanga Taras,
yothyoka kunsonga, yokulungidwa ndi tepi wakuda.
Tsiku limenelo ndodo inaterereka.

Kusitolo ya pa msewu wa McPhillips
mnyamata wolembedwa Desjarlais pachifuwa
anandifunsa: mkono umodzi kapena iwiri?
Ndinati wakumanzere ndiwo ukudontha mafuta.
Iye anati, mayi, tengani yonse.
Umodzi ukafooka, winawo umasenza wokha,
kunjaku umaoneka wolimba
koma mkati mpweya unatha kalekale.
Ndinalipira osamuyang'ana kumaso.
Amayi tinawaika m'manda mwezi wa Meyi.

M'galaja mbaula yamagetsi ikung'ung'udza pakona.
Bambo akuti, Halyna, ndigwira ine, iwe masula.
Ndikuti ndodo ilipo.
Akuti ndodoyo ndiyo inandipereka.
Ndiye akweza manja onse awiri
ngati munthu amene apolisi amupezerera,
nkhalamba ya zaka 78,
phewa lamanja lija madokotala analisoka kawiri.

Ndilowetsa sikuludiraiva pansi pa kachitsulo kopindika,
ndikanyamula pang'ono, pang'ono chabe,
monga likunenera pepala la m'bokosi.
Kathawa. Kalira penapake
kuseri kwa matayala a m'chilimwe.
Bambo aseka, boneti itsika chala chimodzi.
Osaseka, Tato, mutu wanga uli pansipa.

Mkono wakale uzuka pa kampira kake kachitsulo,
wozizira, wonanda mafuta akuda.
Ndiukankha ndi chikhatho, ungolowa osakana.
Watsopano ndiutsamira ndi thupi lonse,
sugonja ndi pang'ono pomwe.
Watembenuza, akutero bambo pamwamba panga,
mbali yonenepa kumwamba, kowondako pansi.
Mwaona bwanji muli chotukula maso kudenga?
Galimoto iyi ndaigonera pansi
iwe usanadziwe kuyendetsa.

Zigongono zawo zayamba kunjenjemera.
Kwezani pang'ono, kabowo sikakufika.
Akweza. Ndikumva kupuma kwawo pakhutu panga,
fungo la khofi ndi mafuta opaka paphewa,
aja amayi ankawapaka usiku
akuwadzudzula za mchere.
Khethe! pansi.
Zala zanga zachita dzanzi, ndiziuzira.
Khethe! pamwamba.
Wachiwiri sunavute, manja anali ataphunzira.

Siyani tsopano.
Sakusiya.
Tato, siyani.
Achotsa dzanja lamanzere,
kenaka zala zakumanja, chimodzichimodzi,
atabweza mutu m'mapewa kudikira nkhonya.
Boneti ili chiimire.
Injini yonse ili poyera, dzimbiri, fumbi,
ndi nsanza yomwe inasowa chaka chatha.

Atseka. Atsegula.
Ikwera yokha ndi kamluzu kotsitsa.
Atsekanso, atsegulanso,
kachitatu nkhope yawo ndi ya mwana.
Koma dzanja lamanja likukana kutsika bwino,
laima panjira, ndilitsitsa ndine
monga ndinkachitira ndi boneti.

Mikono yakale ndati ndiponye m'bini.
Ayi, akutero, ndipo aigoneka pashelefu,
iwiri, moyandikana,
pambali pa mabotolo a tomato
olembedwa ndi dzanja la amayi.

Atola ndodo ya Taras.
Yachiyaninso imeneyo?
Pakhomopa pali ayezi, akutero.
Ndizimitsa mbaula, nditsitsa chitseko cha galaja.
Iwo ali patsogolo m'chipale chofewa,
mapazi awiri ndi kadzenje kachitatu,
ndipo ine ndikuyenda kumanzere kwawo,
pafupi, osawagwira.